Aldus Manutius, mphunzitsi amene anapendeketsa zilembo

Aliyense amene anaphunzirapo Bayoloje kapena Ulimi ku sekondale akukumbukira lamulo lija lakuti dzina lasayansi la chomera kapena nyama liyenera kutsekedwa mzere kunsi. Ine ndinalimva koyamba ndili Folomu 1, tsiku limene aphunzitsi analemba pa bolodi dzina la mbewu imene tonse m'kalasimo tinakulira pakati pake kwathu ku Kasungu. Analemba kuti Nicotiana tabacum, kenaka n'kutseka mzere kunsi kwa liwu lililonse. Ameneyu anali fodya, yemwe uja mpingo wathu umatiphunzitsa kuti tisamusute koma wazungulira midzi yathu, yemwe timamuona kuyambira ku nazale, m'zigafa, mpaka m'malole opita ku msika wa Chinkhoma. Nditafunsa ntchito ya mzerewo, aphunzitsi anandiuza kuti nditsegule buku. M'bukumo dzinalo linalibe mzere, koma zilembo zake zinali zopendekekera kumanja ngati mapesi a chimanga mphepo ikadutsa. Mzere uja ndi njira imene choko ndi bolopeni zimauzira wowerenga kuti mawu awa, akanakhala osindikizidwa, akanakhala opendekeka.

Zilembo zopendekekazi pa Chingerezi amazitcha italic, dzina lochokera ku dziko la Italy kumene zinayambira. Timakumana nazo tsiku ndi tsiku m'mabuku a sukulu, m'Baibulo la King James ndi pa kompyuta pamene tikulemba ntchito za m'kalasi. Munthu amene anazilowetsa m'mabuku osindikizidwa ndi Aldus Manutius, ndipo asanakhale wosindikiza mabuku anagwira kwa zaka zambiri ntchito yomweyi imene ambiri a ife pa koleji pano tikuikonzekera, ya uphunzitsi.

Mwana wa ku Bassiano

Aldus, amene m'chiyankhulo cha kwawo ankatchedwa Aldo Manuzio, anabadwa cha m'ma 1450 ku Bassiano, kamudzi ka m'mapiri kumwera kwa mzinda wa Rome. Ali wamng'ono kunachitika zinthu ziwiri kutali ndi kwawo zimene pambuyo pake zinaumba moyo wake. M'chaka cha 1453 mzinda wa Constantinople unagonjetsedwa ndi asilikali a ufumu wa Ottoman, ndipo Agiriki ophunzira ambiri anakakhala ku Italy atanyamula mabuku awo olembedwa pamanja. Cha m'ma 1455, Johannes Gutenberg wa ku Mainz, ku Germany, anatsiriza kusindikiza Baibulo la Chilatini pogwiritsa ntchito zilembo zachitsulo zimene zinkasanjidwa, kumasulidwa ndi kusanjidwanso.

Aldus anaphunzira Chilatini ku Rome, kenaka anapita ku Ferrara kukaphunzira Chigiriki kwa mphunzitsi wotchuka Battista Guarino. Maphunziro a ubwana wake sanamusiyire chikumbumtima chokoma. Ana a nthawi imeneyo ankaphunzira malamulo a Chilatini poloweza buku lakale la Alexander wa ku Villedieu, limene linalembedwa ngati ndakatulo yaitali ndi yovuta kumva. Atakula, Aldus anadandaula poyera za nthawi imene anataya poloweza zinthu zimene sankazimvetsa, ndipo analemba buku lake la malamulo a Chilatini kuti ana ena asadutse m'minga zomwezo.

M'zaka za m'ma 1480 anali mphunzitsi ku Carpi, kumene ankaphunzitsa ana awiri a banja lolamulira mzindawo, Alberto Pio ndi Lionello Pio. Ntchitoyi anaipeza kudzera mwa mnzake Giovanni Pico della Mirandola, yemwe anali malume wa anawo. Inali ntchito yabwino, ya malo ogona, chakudya ndi ulemu. Alberto anamukonda mphunzitsi wakeyo moyo wake wonse, moti pambuyo pake anamulola kuwonjezera dzina la banja lawo pa dzina lake, n'kukhala Aldus Pius Manutius.

Koma m'kalasi yaing'onoyo Aldus anaona vuto limene mphunzitsi aliyense amalidziwa. Mabuku a Chigiriki amene ankafuna kuphunzitsa anali osowa. Ambiri anali asanasindikizidwepo, ndipo amene analipo anali okopedwa pamanja. Wokopa aliyense ankasiyamo zolakwa zake, wotsatira n'kukopa zolakwazo ndi kuwonjezerapo zina. Ali ndi zaka pafupifupi 40, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zokhazikika, Aldus anasiya ntchito ya ku Carpi n'kupita ku Venice cha m'ma 1490 kukayamba ntchito imene sanaiphunzirepo.

Ku Venice

Venice unali mzinda wa amalonda womangidwa pa madzi, ndipo zombo zake zinkafika m'madoko ambiri a nyanja ya Mediterranean. Ntchito yosindikiza mabuku inafika kumeneko m'chaka cha 1469, ndipo pofika m'ma 1490 mzindawu unkatulutsa mabuku ambiri kuposa mzinda wina uliwonse ku Ulaya. Mapepala ankapezeka pafupi, ndalama zinalipo, komanso kunali Agiriki ambiri amene akanatha kuwerenga, kukonza ndi kusanja zilembo za chiyankhulo chawo.

Aldus analibe chuma chogulira makina. Choncho anagwirizana ndi anthu awiri. Woyamba anali Andrea Torresani, wosindikiza mabuku wodziwa bwino malonda, ndipo wachiwiri anali Pierfrancesco Barbarigo, wa m'banja la atsogoleri a mzindawo. Awiriwa ndiwo anaikamo ndalama zambiri, ndipo gawo la Aldus m'kampaniyo linali laling'ono. Chimene iye anabweretsa chinali maphunziro, abwenzi ophunzira ndiponso kudziwa zimene wophunzira amasowa.

Buku loyamba lokhala ndi deti limene linatuluka m'nyumba yake yosindikizira, m'chaka cha 1495, linali la malamulo a Chigiriki, lolembedwa ndi Constantine Lascaris. Mphunzitsi anayambira pa maziko, kuti anthu adziwe kaye chiyankhulo asanapatsidwe mabuku ake. Pakati pa 1495 ndi 1498 anasindikiza zolemba za Aristotle m'Chigiriki m'mabuku akuluakulu asanu. M'chaka cha 1496 anatulutsa kabuku ka Chilatini kotchedwa De Aetna, momwe mnyamata wophunzira Pietro Bembo anafotokoza za ulendo wake wokwera phiri la moto la Etna. Zilembo za m'kabukuka zinali zoongoka, zooneka bwino, zokhala ndi timizere ting'onoting'ono kumapeto kwa miyendo yake ngati timapazi. Timizere timeneti ndi timene osindikiza amatitcha serif. Zilembo za De Aetna zinasiririka kwambiri moti amisiri a ku France, monga Claude Garamond, anatengerapo chitsanzo, ndipo m'chaka cha 1929 kampani ya Monotype ya ku England inazipanganso n'kuzitcha Bembo.

Manja amene anasema zilembo

Aldus sanaseme yekha zilembozi. Mmisiri wake anali Francesco Griffo wa ku Bologna, ndipo kuti timvetse nkhani yonse tiyenera kudziwa mmene ntchito ya Griffo inalili. Chilembo chilichonse chinkayamba ndi kandodo kachitsulo cholimba. Kunsonga kwa kandodoko mmisiri ankasema chilembocho ndi tupa ndi timipeni, mochitembenuza monga chimaonekera pa kalilole, ndipo kukula kwake kunali kofanana ndi chilembo chimene mukuwerenga panochi. Akatha, ankakhomera kandodoko pa kachidutswa ka mkuwa kuti chilembo chidindike. Kachidutswako kankaikidwa m'chikombole, monga mmene timaumbira njerwa, n'kuthiramo mtovu wosungunuka wosakaniza ndi zitsulo zina. Mtovu ukazizira, kankatuluka kachilembo kamodzi. Tsamba limodzi linkafuna tizilembo toposa chikwi, tosanjidwa ndi manja kamodzikamodzi, kenaka n'kupakidwa inki ndi kupanikizidwa pa pepala.

Mmisiri akalakwitsa pang'ono posema, cholakwacho chinkaoneka pa tsamba lililonse la buku lililonse. Chilembo chimodzi chikanenepa kuposa zinzake, diso la wowerenga linkapunthwa pamenepo. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchitoyi anali ochepa, ndipo Griffo anali mmodzi wa akatswiri a nthawi yake. Iye ndiye anasema zilembo za Chigiriki ndi za Chilatini zimene zinatchukitsa nyumba ya Aldus.

Chaka cha 1501

Mabuku a maphunziro a nthawi imeneyo anali akulu ndi olemera. Ankawerengedwa ataikidwa pa tebulo, ndipo m'malaibulale ena ankamangidwa ndi unyolo kuopa akuba. Mawu a mlembi ankakhala pakati pa tsamba, atazunguliridwa ndi ndemanga za akatswiri zimene nthawi zina zinkachuluka kuposa mawu a mwini wake. Timabuku ting'onoting'ono tinalipo, koma tambiri tinali ta mapemphero.

Aldus anali ataona timabuku tokongola tolembedwa pamanja m'nyumba ya Bernardo Bembo, bambo wa Pietro, ndipo anaganiza zosindikiza mabuku a olemba akale pa msinkhu womwewo. Pepala lalikulu ankalipinda katatu, n'kutuluka timapepala tisanu ndi titatu, kapena kuti masamba 16. Buku lotere limatchedwa octavo, ndipo limakwana m'dzanja limodzi ngati buku lathu la nyimbo la Khristu mu Nyimbo. Anachotsamo ndemanga zonse n'kusiya mawu a mlembi okha, atakonzedwa mosamala poyerekeza mabuku angapo olembedwa pamanja.

Kabuku katsopano kanafunika zilembo zatsopano. Anthu ophunzira a ku Italy anali ndi kalembedwe kawo ka pamanja, kofulumira ndi kopendekeka pang'ono, kamene ankalembera makalata ndi kukopera mabuku awoawo. Aldus anapempha Griffo kuti aseme kalembedwe kameneka pa chitsulo. Mawu ochepa a zilembo zimenezi anaoneka koyamba m'chaka cha 1500, pa chithunzi cha m'buku la makalata a Catherine wa ku Siena. Mu Epulo 1501 munatuluka buku la ndakatulo za Virgil, loyamba pa dziko lonse kusindikizidwa ndi zilembo zopendekeka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'chaka chomwecho munatsatira Horace, Petrarch, Juvenal ndi Martial, ndipo mu 1502 Dante.

Chimene Griffo anachita sichinali kungokankhira zilembo zoongoka kumbali. Anasintha maonekedwe ake enieni. Zilembo zozungulira monga o ndi e zinakhala zopyapyala ngati dzira. Chilembo a chinataya kadenga kake n'kukhala ngati chimene timalemba ndi bolopeni. Chilembo f chinatalika mpaka kutsikira kunsi kwa mzere. M'malo mwa timapazi tambali zonse ziwiri, zilembo zazing'ono zinali ndi kamzere kolowera ndi kotulukira, ngati kuti cholembera changochoka pa chilembo china n'kupita pa chinzake. Pofuna kutsanzira dzanja la munthu, Griffo anasemanso magulu oposa 60 a zilembo zolumikizana, ziwiri kapena zitatu pa kachitsulo kamodzi. Zilembo zazikulu zokha ndizo zinatsala zoongoka, ndipo zinali zofupikirapo kuposa zilembo zazitali monga l ndi d. Amene akufuna kuona kusiyanaku alembe liwu lakuti fodya kapena tabacum pa kompyuta ndi zilembo za Times New Roman, kenaka alipendeketse, ndipo aone mmene f ndi a zisinthire.

Timabukuti sitinali totsika mtengo moti mlimi wamba wa ku Italy n'kugula. Ogula anali ophunzira, aphunzitsi, amalonda, alembi a boma ndi akazembe. Chimene chinasintha ndi malo ndi nthawi yowerengera. Munthu ankatha kunyamula Virgil pa ulendo, kumuwerenga m'chombo kapena podikira kuonana ndi mkulu wina, popanda tebulo ndiponso popanda katswiri woima pakati pa iye ndi mlembi. Zilembo zofanana ndi dzanja lake zinkamupangitsa kumva ngati akuwerenga kalata ya mnzake.

Akuba a ku Lyon ndi mkangano wa m'nyumba

Chinthu chikayenda malonda sichichedwa kupeza otsanzira. Aldus anapempha boma la Venice kuti limupatse chilolezo chapadera choti iye yekha ndiye azigwiritsa ntchito zilembo zopendekeka kwa zaka khumi, ndipo anapatsidwa. Papa Alexander VI anamupatsanso chilolezo chotere m'chaka cha 1502. Koma mphamvu ya makalatawa sinafike ku Lyon, ku France, kumene osindikiza ena anasema zilembo zofanana n'kuyamba kutulutsa mabuku onamizira kuti ndi a Aldus. Mu Malichi 1503 Aldus anasindikiza chenjezo kwa ogula. Anafotokoza kuti mabuku abodzawo anali a pepala loipa ndi lonunkha, ndipo anandandalika zolakwa zimene zinali m'katimo kuti anthu azizindikira. Anthu a ku Lyon anawerenga chenjezolo, anakonza zolakwa zimene anawalozerazo, n'kupitiriza malonda awo.

Chilolezo chija chinalephera kugwira akuba akutali, koma chinagwira munthu wapafupi. Griffo, amene anasema zilembozo ndi manja ake, sakanathanso kugulitsa luso lakelo kwa osindikiza ena a m'dera la Venice. N'zoona kuti Aldus anamutchula ndi kumuyamikira kumayambiriro kwa buku la Virgil la 1501, koma kuyamikira sikudyetsa banja. Griffo anachoka n'kukagwira ntchito kwa Gershom Soncino, wosindikiza mabuku wa Chiyuda ku Fano. M'chaka cha 1503 Soncino anatulutsa buku la Petrarch ndi zilembo zopendekeka zatsopano, ndipo analembamo kuti mwini weniweni wa lusoli ndi Griffo, osati Aldus. M'chaka cha 1516 Griffo anayamba kusindikiza yekha timabuku kwawo ku Bologna. Mu 1518 anaimbidwa mlandu wopha mkamwini wake pomumenya ndi chitsulo, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake silionekanso m'zolembedwa.

Wokulira ku Kasungu sangawerenge nkhani imeneyi osakumbukira matenanti a m'maesiteti. Iwo ndiwo amafesa, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya, koma belo ikafika ku okushoni imadziwika ndi nambala ya mwini munda. Ganizo la kabuku kakang'ono linali la Aldus, ndipo iye ndiye anasankha olemba, kukonza mawu ndi kupeza ndalama. Komabe zilembo zimene dziko linazisirira zinatuluka m'zala za Griffo, ndipo lamulo limene Aldus anapempha linateteza mwini kampani n'kusiya mmisiri panja. Pofotokoza mbiri ya munthu wamkulu ameneyu, chilungamo chifuna kuti mbali imeneyinso inenedwe.

Nangula ndi dolphin

Kuyambira m'chaka cha 1502 mabuku a Aldus ankakhala ndi chizindikiro cha nangula wa chombo atakulungidwa ndi nyama ya m'nyanja yothamanga kwambiri yotchedwa dolphin. Chithunzichi anachitenga pa ndalama yachitsulo yakale ya Aroma imene Pietro Bembo anamupatsa. Dolphin ankaimira changu, nangula ankaimira kudekha, ndipo tanthauzo lake linali lakuti ntchito iziyenda msanga koma mosapupuluma. Akuluakulu athu ananena zofananako pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Changucho chinalipodi. M'chaka cha 1502 chokha anasindikiza kwa nthawi yoyamba m'Chigiriki mabuku a Herodotus, Thucydides ndi Sophocles. M'nyumba mwake munkadzaza akatswiri, ena ochokera ku Crete monga Marcus Musurus. Anakhazikitsa bungwe la ophunzira limene lamulo lake linali lakuti pa msonkhano aliyense aziyankhula Chigiriki, ndipo wophwanya lamulolo ankalipira chindapusa chimene chinkasungidwa kuti adzachitire phwando. Alendo ongobwera kudzacheza anachuluka mpaka Aldus anapachika chidziwitso pa khomo, chopempha mlendo aliyense kuti anene mwachidule chimene wabwerera n'kumapita, pokhapokha ngati wabwera kudzathandiza ntchito.

M'chaka cha 1505, ali ndi zaka zoposa 50, anakwatira Maria, mwana wa mnzake wa malonda Andrea Torresani, ndipo mabanja awiriwa anayamba kukhala ndi kugwira ntchito pamodzi. Mu 1508 m'nyumbamo munakhala mlendo wochokera ku Netherlands, Desiderius Erasmus, amene anatha miyezi yambiri akukonza buku lake la miyambi ya Agiriki ndi Aroma lotchedwa Adagia. Iye ankalemba pomwepo m'chipinda cha makina, osanja zilembo akudikira tsamba lotsatira. Bukulo linatuluka ndi miyambi yoposa 3,000. Patapita zaka, Erasmus analemba nkhani yoseka kuumira kwa Torresani ndi kuchepa kwa chakudya cha pa nyumbapo, koma ntchito ya Aldus anailemekeza.

Nkhondo sinamusiye. M'chaka cha 1509 asilikali a Venice anagonjetsedwa ku Agnadello ndi mgwirizano wa mayiko amene anaukira mzindawo. Malonda anaima, Aldus anatseka makina n'kusamukira ku Ferrara. Anabwerera mu 1512, ndipo chaka chotsatira anatulutsa zolemba za Plato m'Chigiriki. Anamwalira pa 6 Febuluwale 1515, atasindikiza mabuku osiyanasiyana pafupifupi 130 m'zaka 20. Thupi lake linagonekedwa m'tchalitchi cha San Paternian litazunguliridwa ndi mabuku amene anasindikiza. Mwana wake Paulus ndi mdzukulu wake Aldus anapitiriza ntchitoyi mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500.

Baibulo limene sanalione

Aldus anali Mkatolika, ndipo anamwalira kutatsala zaka ziwiri kuti Martin Luther alembe mfundo zake 95 mu 1517. Komabe ntchito yake ikukhudza mbiri ya Baibulo limene timanyamula pa Sabata. Ankafunitsitsa kusindikiza Baibulo m'ziyankhulo zitatu, Chiheberi, Chigiriki ndi Chilatini, zitandandalikidwa pa tsamba limodzi. Anayesa tsamba limodzi limene lilipobe mpaka lero, koma ntchitoyo sinapitirire. Patatha zaka zitatu iye atamwalira, mu 1518, a m'nyumba yake anatulutsa Baibulo lonse m'Chigiriki. Mlendo wake uja Erasmus anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki ku Basel mu 1516, ndipo ntchito ya Erasmus ndi imene Luther anagwiritsa ntchito pomasulira m'Chijeremani mu 1522. William Tyndale naye anatsamira pa ntchito yomweyo pomasulira m'Chingerezi, ndipo Chipangano Chatsopano chake cha 1526 chinali cha msinkhu wa octavo, chosavuta kubisa m'katundu wa amalonda polowa nacho ku England kumene chinali choletsedwa.

Zilembo zopendekeka nazo zinasintha ntchito. Aldus ankasindikiza nazo buku lathunthu, koma owerenga anaona kuti masamba ambiri a zilembo zotere amatopetsa maso kuposa a zilembo zoongoka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1500, amisiri monga Robert Granjon wa ku France anali kusema zilembo zopendekeka zokhala ndi zilembo zazikulu zopendekekanso, ndipo osindikiza anayamba kuziika pakati pa zilembo zoongoka pofuna kusiyanitsa mawu ena ndi anzake. Ndi mmene tikuzigwiritsira ntchito lero, pa mitu ya mabuku, pa mawu a chiyankhulo china, pa liwu lofunika kulitsindika ndi pa mayina asayansi. Dzina lija la Nicotiana tabacum linakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus mu 1753, ndipo limakumbutsa za Jean Nicot, kazembe wa France ku Portugal. Limapendekeka chifukwa ndi la Chilatini pakati pa mawu a chiyankhulo china.

M'Baibulo ntchito yake ndi ina, ndipo apa abale ndi alongo owerenga Malemba kutsogolo ayenera kusamala. Omasulira Baibulo la Geneva la 1560 anagwiritsa ntchito zilembo zopendekeka posonyeza mawu amene iwo anawonjezera kuti chiganizo chimveke m'Chingerezi, mawu amene mulibe m'Chiheberi kapena m'Chigiriki. Baibulo la King James la 1611 linasiyanitsanso mawu otere ndi zilembo zina, ndipo m'makope a pambuyo pake anakhala opendekeka. Mukatsegula vesi loyamba la Salmo 23 mupeza kuti kaliwu kakuti is n'kopendekeka. Ndamvapo owerenga ena akukweza mawu pa mawu oterewa poganiza kuti ndi ofunika kuposa ena. Zoona zake n'zakuti pamenepo omasulira akutiuza moona mtima kuti liwuli ndi lawo.

Kubwerera ku Kasungu

Ku Mtunthama, kum'mawa kwa boma la Kasungu, kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo imadziwika ndi kuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Olemba amene ophunzira a ziyankhulo zimenezi amakumana nawo ndi omwe aja Aldus anatha moyo wake akuwasindikiza. Koma mtunda wochepa kuchokera pamenepo kuli masukulu a m'midzi ndi a m'maesiteti kumene buku limodzi limazunguliridwa ndi mitu ingapo, ena akuliwerenga chozondoka. Kumene kulibiretu buku, mphunzitsi amakopera manotsi pa bolodi, ana n'kukopera m'makope, amene anajomba n'kukopera kwa anzawo. Liwu limene linalakwika pa bolodi limafika mpaka pa pepala la mayeso. Limeneli ndi vuto lomwe lija Aldus analiona ku Carpi zaka zoposa 500 zapitazo.

Iye akanatha kukhala ku Carpi, kudandaula za kusowa kwa mabuku ndi kulandira malipiro ake mpaka ukalamba. M'malo mwake anafunsa kuti wophunzira akusowa chiyani kwenikweni, ndipo yankho lake linali buku lopanda zolakwa, losavuta kunyamula, la zilembo zimene diso lazizolowera. Anafunafuna anthu a ndalama ndi a luso amene iye analibe, ndipo anasamala ngakhale za kapendekedwe ka chilembo chimodzi. Ambiri a ife sitidzakhala ndi makina osindikizira, koma tidzalemba pa bolodi, tidzatayipa mayeso, tidzakonza timapepala ta manotsi ndi mapulogalamu a Sabata. Mwana wa ku Chamama kapena ku Santhe amene alibe buku adzawerenga chimene ife talemba, ndipo adzachikhulupirira. Tikadzagwira ntchito ndi ena, monga wotayipa, wojambula kapena wophunzira amene wathandiza, tidzakumbukirenso Griffo ndipo aliyense adzalandire dzina ndi gawo lomuyenera.

Posachedwapa ndidzaima kutsogolo kwa kalasi ndi choko m'manja. Tsiku lina ndidzalemba Nicotiana tabacum pa bolodi n'kutseka mzere kunsi, ndipo ndikuyembekeza kuti padzapezeka mwana wina wokweza mkono kufunsa ntchito ya mzerewo. Ndidzamuuza kuti atsegule buku, ngati lidzakhalepo. Likadzapanda kukhalapo, ndidzalemba ndekha zilembozo mopendeketsa pambali pa bolodi, mosamala, kuti aone zimene anzake okhala ndi mabuku akuona.